Tizingwe ta Abiti Shaibu

Al Aziziya, Doha
3 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wanga Jamila ndi anganga Abiti Shaibu. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti msana ukudandaula ndi masitepe a nyumba ya Madamu, amene ndimawakolopa kawiri patsiku ngati pali munthu amadyerapo.

Musadabwe kulandira kalata m'masiku ano a foni. Foni yanga imakhala m'kabati ya Madamu, ndimapatsidwa Lachisanu lokha. Inunso mumakalandirira pa foni ya amayi anga aang'ono, a Fanny, iwo ali chilili pambali panu kumvetsera, ndiye timangothera moni. Komanso chimene ndikufuna sichingadutse pa foni.

Che Bashiru, dalaivala wa ku Nsanama uja, akubwera kumudzi pa holide ya mwezi umodzi. Chonde mundiyezere phazi la Jamila ndi kachingwe, kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, muwapatsire pobwerera. Ndikufuna kumugulira nsapato za Idi yaikulu. Ndinamusiya ali ndi zaka zinayi, lero sindikudziwa kuti phazi lake lafika pati.

Nkhani ina ndi iyi. Kontirakiti yanga ikutha mu Novembala. Madamu akuti ndisayine zaka zina ziwiri, ana awo andizolowera. Sindinayankhe, koma ndikaganiza za nyumba yathu ija yoima yopanda denga, mtima umagawikana. Inu mukuti bwanji?

Ndine mwana wanu,
Nuriya


Ntaja, Machinga
2 Epulo 2023

Iwe Nuriya,

Waleikumu salamu. Tili moyo. Chimanga cha kumtunda chacha, cha kudimba chinapita ndi madzi. Tikusala, ine ndi Jamila, amene amasala mpaka teni koloko m'mawa kenako n'kumadzitama mudzi wonse.

Kachingwe kako ndi ako, ndasolola pa thumba la feteleza. Mwana wako anavuta kuyeza, amangoseka. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Amayi akufuna phazi langa lokha?"

Za zaka ziwirizo ndinawauza anganga ako. Anangotembenukira kukhoma. Akanatinso chiyani? Nkhaniyi umaidziwa mwapatalipatali chifukwa sindiikonda, koma lero uimve.

Mu 1960 atate anga Che Anwari anali ku Rodeshiya, pafamu ya fodya ya mzungu, kumene anapita kukasaka ya msonkho. Amayi anga, anganga akowa, anakwera galimoto ya ulere kuwatsatira. Ine ndinali ndi zaka zitatu. Amalume anakana kuti ndipite nawo, akuti mwana ndi wa mbumba, atsale ngati chikole kuti mayi ake adzabwerenso. Anandisiya m'manja mwa mng'ono wawo, malemu Aisha, amake a Fanny, n'kunena kuti, "Mukakolola kawiri mundiona." Tinakolola zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pamene ankabwera n'kuti nditakwatiwa kale ku Nchalo, mwana ali kumsana. Chikole chija palibe anachiwombola.

M'zaka zonsezo sindinalandirepo ngakhale kansalu kopukutira mamina. Nsapato ndinayamba kuvala nditakwatiwa, n'chifukwa chake mapazi anga anaphwasuka ngati a bakha. Fanny ankavala zatsopano chaka ndi chaka, akuti atate ake amagula ku Limbe, ine ndikupita kumunda ndi ming'alu. Lero mayi yemweyo ndi amene ndikumusambitsa ndi kumutembenuza pamphasa, chithyokereni chiuno zaka zinayi zapitazo. Wondisiya ndikumulera, mwana wa wondisiya winanso ndikumulera. Ine ndine depoti, anthu amangosiyapo katundu n'kukwera basi.

Denga la udzu silinaphepo munthu. Novembala ubwere.

Ndine mayi ako,
Mwanjuma


Al Aziziya, Doha
12 Meyi 2023

Amayi,

Salamu aleikumu. Moni kwa Jamila ndi anganga.

Kalata yanu ndaiwerengera m'bafa, chifukwa ndi mokhamo mmene mulibe kamera. Ndawerenga katatu ndipo ndalira. Mwandiika m'thumba limodzi ndi anganga ngati ine ndinakusiyirani mwana n'kuiwala. Kodi zimene ndimatumiza zikuchepa? Ngati vuto ndi limenelo nenani poyera, ndiona chochita, kusiyana ndi kunditcha wotaya katundu. Bambo ake a Jamila chilowereni ku Joni sanatumizepo ngakhale moni, koma wodzudzulidwa ndine amene ndimadzuka folo koloko kukolopa nyumba ya eni. Zandipweteka, Amayi.

Ndipo anganga musamawanene choncho. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwina anali ndi zifukwa zawo. Munayamba mwawafunsapo?

Nsapato ndagula ku Al Mansoura tsiku limene anandilola kutuluka. Ndi zapinki, ndipo kuchidendene kuli timagetsi timene timaphethira mwana akaponda. Mwini sitolo atandifunsa saizi, ine ndinangotulutsa kachingwe, iye n'kuseka mpaka kuitana mnzake kuti adzaone. Ndinayeza ndendende, kachingwe kanagona m'nsapato ngati kwawo. Zibwera ndi a Overton, mlonda wa ku Liwonde, amene akunyamuka mu Juni, Idi isanafike.

Madamu tsiku lililonse nyimbo yawo ndi imodzi, "Yalla Nuriya, sayina, khalasi," kutanthauza kuti fulumira, nkhani ithe. Ine ndimangoti inshallah. Kuno inshallah amatanthauza chilichonse chimene wakumvayo akufuna.

Mwana wanu,
Nuriya


Ntaja, Machinga
15 Okutobala 2023

Nuriya,

Waleikumu salamu. Overton wako wafika sabata ino, akuti akuntchito anamusinthira holide. Idi inadutsa kalekale, Jamila anaidyera m'mapatapata.

Nsapato sizinamukwane. Za mwana amawonjezerapo chala chimodzi, iwe waiwala, komanso phazi silidikira kuti mlonda apatsidwe holide. Anazikakamiza kuvala, zala atazipinda, n'kupita nazo ku madrasa kuti anzake aone timagetsi. Anabwerako atazinyamula m'manja, zidendene zili matuza okhaokha. Anazitaya pakhonde n'kunena kuti, "Amayi sakundidziwa."

Anganga ako anali gone pakhonde pomwepo. Anayang'ana nsapato, anayang'ana mwana, kenako anati, "Mwanjuma, tanditengera chitini chili pansi m'sutikesi yanga." Chinali chitini cha tiyi chadzimbiri. M'kati munali tizingwe ta khonje khumi ndi tisanu, kena kafupi, kena kotalikirapo, kalikonse kokulungidwa m'kapepala kake.

"Awa ndi mapazi ako," anatero. "Chaka ndi chaka Aisha ankanditumizira, chaka ndi chaka ndinkagula nsapato. Iwe sunandilembereko ngakhale zikomo. Nditabwera, Aisha anandiuza kuti unkaziponya m'chimbudzi chifukwa chondida. Ndinati ndikuyenera, ndipo sindinakufunse."

"Nsapato? Ine?" ndinatero.

Ndinatenga kotalika kuposa tonse, ka 1975, chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, n'kupondapo. Kanathera pamene zala zimayambira. Phazi la munthu wamkulu silionjezera zala zonse, Nuriya. Ntaja yonse ikudziwa kuti Fanny mpaka lero amasankha nsapato pa mulu wa ana pakaunjika.

Ndinapita kwa Fanny ndi kachingweko. Ndinamupeza akupeta. Ndinangoti, "Ponda apa." Kanamukwana ngati anabadwa nako. Iye akuti, "Ine ndinali mwana, achemwali, ndikanadziwa bwanji?" Mwina n'zoona. Koma kuponda ankaponda bwino ndithu, ine ndikumusenzera madzi. Amake ankayeza phazi la mwana wawo, n'kutumiza m'dzina langa, ndipo anafa ndikuwatcha amayi. Pakhomo pa Fanny sindipondanso, ndiye pa foni yake usandifunefune.

Anganga ako akuti ndikulembere mawu awo. Ndikulemba mmene akunenera, usandiwerengere ine.

"Nuriya mdzukulu wanga, ine ku Bindura, ku Rodeshiya kuja, sindinapite kukadya. Ndinkathyola fodya mame asanakamuke, masana kusoka, nthawi yosankha kukhala m'shedi mpaka chifuwa kulira. Poso anali ufa, nyemba ndi mchere. Kuseri kwa kompaundi kapitawo anandipatsa kamunda. Ndinkadzalamo mtedza, ndipo mtedzawo sitinkadya, unali wa nsapato. Chaka chilichonse ndinkati fodya akagulitsidwa tipita kwathu. Chaka china ndinali ndi pakati. Chaka china tinaika mwana. Chaka china agogo ako aamuna anati munthu sabwerera kwawo wopanda njinga, atiseka. Njinga itagulidwa anati tidikire makina osokera. Ana awiri ndinawasiya m'manda a pafamu, mwamuna wanga n'kukhala wachitatu, ndipo mwana mmodzi wamoyo anakana kubwera, akuti ku Nyasalande sakudziwako munthu. Nkhondo itafika pafamu ndinathawa ndi sutikesi ndi chitinichi. Kachingwe kakafika ndinkakayenda nako m'lamba sabata yathunthu, ndinkati ndanyamula mwana wanga. Kani ndinkanyamula mwana wa mng'ono wanga. Chaka chamawa ndinachidikira ine, sichifika."

Athera pomwepo. Iwe unandifunsa ngati ndinawafunsapo. Ayi, sindinawafunse, iwonso sanandifunse, aliyense anasunga chakukhosi chake zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Koma usaganize kuti takumbatirana. Ndawauza kuti, "Mukanabwera kamodzi kokha, mukanawaona mapazi anga ndi maso anu." Mkwiyo wanga sunathe, wangosowa pokhala.

Za ndalama sindinanene ine, usandinamizire. Ndikunena za mwana. Usasayine.

Mayi ako,
Mwanjuma


Al Aziziya, Doha
20 Okutobala 2023

Okondedwa Amayi,

Salamu aleikumu. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa ku Nselema amene akubwerera kumudzi. A Overton sanabwerebe kuno, ndiye sindikudziwa ngati mwandiyankha kapena ngati nsapato zinakwana. Lachisanu lapita ndi leronso ndaimba kwa amayi aang'ono a Fanny, akungoti, "Mayi ako akana kubwera," n'kudula. Ndamva, Amayi. Mukadali okwiya ndi kalata yanga ija, ndipo simukufuna kumva mawu anga.

Popeza simukufuna kulankhula nane, ndaganiza ndekha. Lachiwiri ndinasayina. Madamu anali atandipatsa sabata ino kuti ndi yomaliza, apo ayi aitanitsa mtsikana wina. Ndinaganiza za denga, ndinaganiza za sukulu ya Jamila, ndinaganizanso zobwera kudzakhala pakhomo pamene sindikufunidwa. Ndinalemba dzina langa. Madamu anandipatsa mpango ndi kachitini ka zipatso za madeti, akuti ndine wa m'banja lawo.

Ndi zaka ziwiri zokha. Ndinafuna kulemba kuti mukakolola kawiri mundiona, koma ndakumbukira kalata yanu. Ine si anganga, Amayi. Masiku ano kuli ndege, ndipo tsiku lobwera linalembedwa papepala.

Jamila akuyamba temu ina mu Januwale. Munditumizire kachingwe kena kuti ndimugulire zakuda za kusukulu.

Mwana wanu,
Nuriya


Ntaja, Machinga
18 Disembala 2023

Nuriya,

Waleikumu salamu. Makalata athu anasemphana panjira. Yako inafika nditadzala kale, ndipo pano yanga unaiwerenga, ndiye ukudziwa chifukwa chimene sindinkabwerera ku foni. Sindikutukwana. Madzi akatayika saoleka.

Uthenga wa maliro a anganga ako unaumva kwa Che Bashiru. Zimene sanakuuze ndi izi. Nditawawerengera anganga ako kuti wasayina, anafunsa kuti, "Akuti zingati?" Ndinati ziwiri. Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo phala ankangolawa.

Kutatsala masiku atatu kuti amwalire anandiitana ndikuchokera kumunda, matope ali m'miyendo. Anati, "Solola chingwe pathumba paja, ubwere nacho." Ndinkaganiza kuti akufuna kuyeza Jamila. Anati, "Ayi, iweyo. Ika phazi pano." Ndinati mapazi ndi akuda, ndikasambe kaye. Anati, "Ndadikira kokwana."

Ndinakhala pamphasa n'kuika phazi pachifuwa pawo, chifukwa kudzuka sakanatha. Kachingwe kanawapulumuka m'manja kawiri. Anagwira chidendene, anasisita ming'alu umodzi umodzi ndi chala, n'kunena kuti, "Kani ndi lalikulu chonchi." Anamanga mfundo pothera chala chachikulu, n'kuluma ndi mano awiri amene anawatsalira, koma sanathe kudula, ndinadula ndine. Anati, "Umutumizire Nuriya, amugulire mwana wanga nsapato." Ine mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi chimodzi, wa zidzukulu, kunditcha mwana wofuna nsapato.

Ndinawasambitsa ndekha pamodzi ndi amayi a kumzikiti, tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Ndinalira kwambiri, ndipo zinandikwiyitsa kuti ndalira. Ndinali ndi mayi masiku atatu m'moyo wanga wonse. Tizingwe tawo tija ndinakatisiya pakhonde pa Fanny, ndi take.

Nsapato zapinki zija Jamila anazipereka yekha kwa mdzukulu wa Fanny, amene zamukwana bwino. Zikuphethira mudzi wonse. Zapita kumene nsapato za m'banja muno zimapita.

Za kachingwe ka Jamila, ndinayesa. Nditamuitana anakhala pansi n'kubisa mapazi m'diresi. Anati, "Sindifuna." Sindinamukakamize ndipo sindidzamukakamiza. Masiku ano ndege ikadutsa sathamangiranso pabwalo. Ine ndinasiya kuthamangira kumsewu ndili ndi zaka ngati zakezi, ndiye ndikudziwa chimene chikutseka mumtima mwakemo. Umati tsiku lobwera linalembedwa papepala. Mwana sawerenga pepala limenelo.

Muli kachingwe kamodzi m'envelopumu, kanga. Ndatumiza chifukwa mawu a womwalira sakanidwa. Nsapatozo ukagula udzabwere nazo wekha, udzandiveke ndi manja ako, kenako udzagwire phazi la mwana wako. Zikabwera ndi Bashiru kapena Overton, ndikazipereka kwa Fanny, aikemo nsanza kuti zimukwane.

Ndine mayi ako,
Mwanjuma


Al Aziziya, Doha
2 Febuluwale 2024

Amayi,

Salamu aleikumu. Pepani ndi maliro, pepaninso ndi zonse zimene ndinalemba.

Ndinawagwadira Madamu kuti andilole kubwera ngakhale masabata awiri. Anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Mafi mushkila, palibe vuto, Nuriya, ikatha Ramadani, inshallah." Dzulo ndinawamva akuuza achemwali awo kuti ikatha Ramadani kuli ukwati wa mwana wa mchimwene wawo, ndipo ukatha ukwatiwo tonse tikupita kunja nyengo yotentha, ine ndikugwira ana. Inshallah ija yandibwerera.

Nsapato zanu ndagula, zachikopa chofewa, zakuda. Ku mbali ya amayi kunalibe zokwana kachingwe kanu, tinakazipeza ku mbali ya abambo. Mwini sitolo uja ulendo uno sanaseke, chifukwa anaona kuti ndikulira. Zili pansi pa bedi langa. Sindipatsira munthu, ndidzabwera nazo ndekha monga mwanenera.

Muuzeni Jamila kuti amayi ake akumudziwa. Kapena musamuuze, angakufunseni funso lina loti musowe choyankha.

Kachingwe kanu ndi ka Jamila kaja ndimaopa kuti tingatayike, poti chipinda changa amalowamo ana. Ndatikulunga kalikonse m'kapepala kake, n'kutiika m'kachitini ka madeti kamene Madamu anandipatsa. Nditatseka chivindikiro m'pamene ndinaona chimene ndachita, ndipo ndinachita mantha, Amayi. Muli malo ambiri m'kachitinimo.

Ndine mwana wanu,
Nuriya